Ndinawamwera Khofi Bambo Anga

Yerusalemu, 9 Malichi 1998

Wokondedwa Rihab,

Mtendere ukhale pa iwe, pa Lamis wathu, ndi pa bambo. Ndakondwa kumva kuti miyendo yawo yaphwa. Ine ndili bwino, kupatula zala zimene zatumbuluka ndi sopo mpaka sindikuzizindikiranso.

Kalata yako ndaiwerenga katatu kuti nditsimikize kuti walemba ndi mkazi wanga weniweni. Ukuti mwina ndapeza wina kuno? Mayi iwe, uziopa Mulungu. Munthu wonunkha mafuta a nkhuku kuyambira kumutu mpaka kuphazi, wogona m'chipinda chosungiramo anyezi ndi amuna anzake atatu oliza mkonono, apeze mkazi? Amene amanditsata kuno ndi amphaka a kuseri kwa hotelo, ndipo nawonso si chikondi.

Chifukwa chenicheni ukuchidziwa. Chiphaso changa chogwirira ntchito kuno chinatha mwezi watha. Ndikangodutsa pa rodibuloko kulowera kwathu, kobwerera kulibe, ndipo ntchito atenga wina dzuwa lisanalowe. Choncho mwamuna wako wa digiri ya Chingerezi, woyamba m'mudzi monse kuvala mkanjo wakuda uja, akutsukabe mbale. Mkulu wa kukhitchini amanditchula kuti Ustazi, ngati ndine mphunzitsi wamkulu. "Ustazi, poto uyu akufuna maphunziro ako."

Mbale zachuluka chifukwa hotelo yathu tsopano ikudyera mtendere. Sabata iliyonse kumabwera azungu ochokera kumaiko ozizira ndi ndalama za maboma awo. Amasonkhanitsa Aisraeli khumi ndi Apalestina khumi, n'kuwakhazika mozungulira ngati ana a sukulu ya mkaka, kuti adziwane. Ndikuuze, Rihab, mtendere umadya. Nkhondo sinanditsukitsepo mbale zochuluka chonchi.

Lachiwiri, ndikutola makapu, ndinamva womasulira wawo akupha anthu dzuwa likuswa mtengo. Mayi wina wa ku Hebroni anati, "Munda wathu anautchinga ndi waya, mphesa zikuwolera m'kati ife tikuona." Iye n'kuuza azungu aja kuti mayiwa ali ndi nkhawa pa nkhani za ulimi. Ndinaika thireyi pansi n'kumasulira bwinobwino, epuloni ili m'chiuno. Mwini msonkhano, mayi wachizungu wamtali dzina lake Marit, ananditsata mpaka pa sinki. Akuti ndikamuone Lamulungu.

Ndatumiza mashekele mazana anayi ndi Abu Jawdat wa takisi. Uyambe ndi mapiritsi a bambo, kenako nsapato za Lamis, zokulirapo kuti zimufikitse chaka chamawa. Gasi usagule kwa Shukri. Ndi msuweni wanga, inde, koma mitengo ya m'golosale mwake siidziwa chibale.

Za mzunguyu usawauze kaye bambo.

Mwamuna wako wosalakwa,
Munthir


Yerusalemu, 1 Epulo 1998

Rihab wanga,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine zala zayamba kubwerera mtundu wake.

Epuloni ndavula. Ndine womasulira wa bungwe la a Marit. Andipatsa kalata ya chidindo chachikulu chabuluu, ndipo dzulo msilikali wa pa rodibuloko ataiwerenga anati, "Pitani bwino, bwana." Ndinatembenuka kuona ngati kumbuyo kwanga kuli bwana. Pa Idi ndibwera, uuze Lamis.

Ukufuna kudziwa ntchito yake? M'mawa timaponyerana mpira wa ulusi. Woulandira amatchula dzina lake ndi chimene amaopa. Loya wa ku Tel Avivi anati amaopa kukwera basi. Mphunzitsi wa ku Ramala anati amaopa kumva kugogoda pakhomo. Mkulu wina wa ku Nablusi anati amaopa kuti mpunga uzizira, ndipo ndi yekhayo amene mbali zonse ziwiri zinamuombera m'manja.

Masana timajambula njira za mtendere pa chipepala chachikulu. Ena akuti maiko awiri, mzere pakati. Ena akuti dziko limodzi, aliyense ndi voti yake. Ena akuti tiyambe ndi madzi ndi misewu, za Yerusalemu ndi za othawa kwawo adzakambe ana athu akakula. Onse akatopa kukuwa, a Marit amalemba pansi pake kuti tagwirizana kupitiriza kukambirana, ndiye timandanda kukasainira alawansi. Ine ndimaima pakati, kutembenuza matukwano a Chiarabu kukhala Chiheberi, ndi a Chiheberi kukhala Chingerezi chosamba m'manja. Usaseke kwambiri. Masiku ena munthu amanena chinthu, chipinda chonse n'kuti zii, ndipo ndimaganiza kuti mwina si zonse zopusa.

A Marit si munthu woipa. Anasiya ana awo kwawo, amagwira ntchito mpaka maso kufiira, ndipo akuluakulu awo amawafunsa mwezi ndi mwezi kuti ndalama zabala chiyani. Lachinayi anandifunsa za kwathu. Sindikudziwa chinandimasula lilime n'chiyani, koma ndinawauza za Sabri: kuti ndinali ndi mng'ono wanga wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kuti msilikali anamuwombera akuchokera kumunda mu 1990, kuti mpaka lero sitidziwa dzina la wowombayo. Analira, misozi yeniyeni. Kenako anatulutsa kabuku n'kundifunsa kalembedwe ka dzina lake.

Nkhosa ya Idi chaka chino tipha yathu, tatopa kulandira mwendo kwa Shukri ngati amasiye. Abu Jawdat akudziwa wogulitsa wa ku Kabatiya. Uiyang'ane mano wekha, iyeyo amakhulupirira aliyense womwetulira. Bambo uwagulire nsalu ya jekete, yotuwa, osati yakuda.

Wako,
Munthir


Yerusalemu, 23 Epulo 1998

Wokondedwa Rihab,

Ndinafika bwino, ndipo fungo la nyama yako likadali m'malaya. Chimfine cha Lamis chatha?

Unaona mmene bambo anachitira nditawaonetsa kalata ya chidindo? Anaitembenuza uku ndi uku, n'kuti, "Mzungu sadinda pepala laulere. Ukuwagulitsa chiyani?" Ndinati, "Mawu basi, Yaba." Iwo anangoti, "Hmm." Munthu wagulitsa mafuta a azitona zaka zinayi kuti mwana aphunzire, mwanayo wapeza ntchito ya tayi, mphotho yake n'kukhala hmm! Ndikanabwera ndi khasu akanandipsompsona.

Kuno kwabwera nkhalamba ina imene ikundisowetsa mtendere, ine wogwira ntchito ya mtendere. Dzina lake Naim, Myuda wobadwira ku Baghdad, amene wagulitsa nsalu ku Haifa zaka makumi anayi. Mwana wake wamkazi, Dalia, anafera m'basi imene inaphulitsidwa zaka ziwiri zapitazo. Womasulira samufuna. Amalankhula Chiarabu cha ku Iraki, chokhuthala ngati phala, ndipo amakonza changa. Changa ine!

"Pulofesa," akutero, "Chiarabu chakochi chavala tayi. Agogo ako akanachimva?"

Ndinawayankha ngati amalume anga, "Ammo Naim, chanucho chinatsala mu 1951 ngati sutikesi yoiwalika pa siteshoni."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundigawira theka la dzira lawo. Nditawafunsa chimene amadzera kumisonkhano yotereyi, anati, "Kunyumba mkazi wanga amangoyang'ana khoma. Kuno ndimakangana ndi anthu. Bola kuno."

Tsopano pali kankhani kena, kakang'ono. Mwezi wamawa kukubwera akuluakulu a bungwe kudzaona ngati apitirize kupereka ndalama. A Marit awerenga m'buku lina za sulha, mwambo wathu woyanjanitsa mabanja pakagwa magazi, ndipo awukonda koopsa. Akufuna alendowo adzaone kachitsanzo chabe: mbendera yoyera, khofi, kugwirana chanza. Andipempha ndidzakhale pampando umodzi, a Naim pa winawo, mphindi khumi basi. Ndi sewero, Rihab. Ndalamazi zikaima, anthu khumi ndi anayi a muofesi muno ntchito yatha, ine ndibwerera kwa amphaka. Usakwinye nkhope, ndikukuona ndili kuno.

Thanki ya padenga ikudontha pamsoko. Uitane mmisiri dzuwa lisanakule, madzi a galimoto mu Julayi amakwera mtengo kawiri. Za sewerolo palibe chifukwa chovutitsira nazo bambo.

Munthir


Yerusalemu, 25 Meyi 1998

Rihab,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndili bwino. 

Nyuzipepala ya Lachisanu ikafika kumudzi, ukulungire tomato kapena uyatsire moto, koma isafike m'manja mwa bambo.

Zinachitika Lachinayi m'holo yaikulu ya hotelo. Alendo makumi asanu ndi limodzi, makamera atatu, mbendera yoyera yositidwa bwino kuposa malaya anga. A Marit anaima n'kunena kuti lero banja la Sabri ndi banja la Dalia akhala pamodzi. Ndipo ine, ine ndemwe, ndinawatembenuzira mawu amenewa m'Chiarabu pa maikolofoni ndisanakhale pansi. Mnzanga wakale wa kukhitchini anabwera ndi khofi wowawa m'tikapu tiwiri. Anandiyang'ana kawiri asanandipatse, ine n'kuganiza kuti ndi makamera. Wojambula anakweza dzanja. A Marit anandigwedezera mutu. Ndinamwa, kapu mpaka kuuma.

A Naim yawo sanaikhudze. Anaweramira kwa ine n'kulankhula pansipansi, m'Chiarabu chawo chija, kuti azungu asamve.

"Bambo ako ali moyo?"

Ndinati ali moyo.

"Akutuma ndiwo?"

Ndinayang'ana m'kapu yanga youma.

"Nanga wamwa chiyani, mwana wanga?"

Kenako anaimirira n'kuuza alendo m'Chingerezi kuti dokotala anawaletsa khofi. Onse anaomba m'manja. Mayi wina wachikulire wa m'gulu la alendowo anandikumbatira, akulira, n'kuti sanaonepo munthu wolimba mtima ngati ine.

Tsopano tamvera, usanayambe. Ndikudziwa chimene tinakulira nacho iwe ndi ine: khofi wa sulha akamwedwa, mlandu wa magazi watha, ndipo womwa ndi mwini maliro, osati aliyense wodutsa ndi ludzu. Koma ine ndine munthu wophunzira. Khofi ndi nyemba zokazinga ndi madzi otentha. Sindinakhululukire munthu, chifukwa panalibe womukhululukira. A Naim sanaphe Sabri, ine sindinaphulitse basi. Ngakhale Lamis angamvetse zimenezi. Ndipo n'zamanyazi kuti wogulitsa nsalu wa ku Haifa aziphunzitsa mwana wa mudzi wathu mwambo wa mudzi wathu. Ndani anamupempha?

Ndadzifotokozera zonsezi m'zilankhulo zitatu, ndipo m'zilankhulo zonse zitatu sindikudzikhulupirira.

Ndaika mazana asanu ndi atatu mu envelopu. Atipatsa yowonjezera chifukwa alendo akondwa. Ugule zimene ukufuna, usandiuze.

Munthir


Yerusalemu, 8 Juni 1998

Wokondedwa Rihab,

Zikomo polemba, ngakhale kalata yake ndi yotere. Za umoyo wanga usafunse, ulipo.

Envelopu yabwerera yosatsegula. Abu Jawdat anandipatsa akuyang'ana matayala a galimoto yake.

Ndiye ukuti Shukri anaiwerenga mokweza m'golosale, kawiri, ndipo kachiwiriko anadikira mpaka anthu atachuluka? Munthu amene moyo wake wonse sanawerengepo china kupatula mitengo ya pa zitini, lero wasanduka wailesi ya mudzi! Mayeso a sitandade sikisi analemba katatu, koma mawu oti "akhululuka magazi a mwana wawo" anawatchula osaphunthwa. Mulungu amupatse makasitomala a ngongole okhaokha.

Ndamutukwana, koma sizinandithandize. Chithunzi sanajambule ndi iye. Pakamwa pali pa kapu paja ndi panga.

Mawu a bambo ndawerenga. "Ndinali ndi ana aamuna awiri. Wina anandilanda ndi mfuti, wina ndi kapu ya khofi. Asaponde pakhomo panga." Ukanatha kuwafewetsa, koma wachita bwino kusatero. Chimene chandilasa kwambiri n'chakuti asiya kupita ku diwani, iwo amene kwa zaka makumi atatu amuna a fuko lathu sankayamba nkhani m'nyumba imeneyo asanakhale pansi. Ndi kuti Lachisanu akumakaswali ku mzikiti wa mudzi wina, pa miyendo imeneyo, kuopa kufunsidwa kuti analandira zingati.

Ndinapita kwa a Marit. Anati, "Koma tinalemba kuti ndi chitsanzo."

Ndinati, "Inde, m'Chingerezi, pa tsamba lachinayi la pulogalamu. Kwathu amawerenga chithunzi."

Nkhope yawo inayera ngati mbendera ija. Anandiuza kuti ndalama zavomerezedwa kwa zaka zina zitatu, ndipo angathe kupezapo zomangira mudzi wathu thanki yaikulu ya madzi, n'kulembapo dzina la Sabri.

Ndinati, "Mayi, mukatero mudzi wonse udziwa mtengo wake mpaka lita yomaliza."

Anaika cholembera pansi. Kenako anati, "Munthir, bwanji sunandiuze?"

Ndinali nditakonzekera kukalipa. Ndinali ndi mawu okongola okhudza azungu amene amabwera kudzasewera ndi maliro a eni. Onse anali opanda ntchito. Iwo sanadziwe, Rihab. Ine ndinadziwa. Ndinadziwa tsiku limene anatulutsa kabuku kaja, ndinadziwa pamene ndinkakulembera kuti ndi sewero, ndipo ndinkadziwa kapu ili m'manja. Ndinkangokonda kutchedwa bwana pa rodibuloko.

Mapiritsi a bambo ugule ndi ndalama zako za zopeta, ndipo uwauze kuti ndi zako, chifukwa ndi zoona. Za pakhomo ndidzatumiza kudzera kwa amayi ako. Anzake a Lamis akamamuseka kusukulu, aziwauza kuti bambo ake ndi chitsiru, osati wogulitsa. Kusiyana kwake kulipo, ngakhale ndi kochepa.

Munthir


Yerusalemu, 26 Juni 1998

Rihab wanga,

Moni kwa iwe ndi Lamis. Kwa bambo usapereke, angakane, ndipo ungavutike ndi koubweza.

Anyuzipepala asindikiza kuti analakwitsa. Mizere itatu, pa tsamba lakhumi ndi chimodzi, pansi pa malonda a mafiriji. Ndikudziwa kuti tsiku limenelo Shukri magalasi anali ataiwala kunyumba.

A Naim anasiya kubwera kumisonkhano. Ndinkaganiza kuti ndapuma, koma Lachitatu ndinangoona ali pakhomo pa ofesi, chipewa m'manja, thukuta kamukamu.

"Pulofesa, waonda. Bambo ako akuthamangitsa?"

Ndinati, "Wakuuzani ndani?"

"Palibe. Ndikanakhala ine ndikanakuthamangitsa. Ndipita ndikawaone."

"Mupite ngati ndani? Inu si m'bale, si mnansi, ndipo kwathu galimoto ya nambala yachikasu ya ku Israeli ana amailonjera ndi miyala."

"Ngati munthu amene analipo. Mlandu uliwonse umafuna mboni. Ndikawauze kuti panalibe wopempha chikhululuko, panalibe wolipira magazi, panali mwana wopusa ndi makamera atatu."

Ndinati, "Zikomo, Ammo, mwandiyeretsa kwambiri."

"Ukufuna loya kapena ukufuna kwanu?"

Taona pamene ndafika, Rihab. Mwana woyamba, amene anachititsa kuti bambo ake azitchedwa Abu Munthir, wa digiri, akufuna Myuda wa ku Haifa kuti akamulankhulire kwa bambo ake omubala. Azungu akanaimva nkhaniyi akanabwera ndi makamera asanu ndi limodzi. N'chifukwa chake sindinauze aliyense muofesi.

Ndikukupempha chinthu chovuta. Uwafunse bambo ngati angamulandire. Usankhe nthawi, atadya, asanatsegule wailesi. Unene zonse: kuti ndi Myuda, kuti mwana wake anafera m'basi, kuti kapu yake anaisiya yodzaza. Usawonjezepo zondikometsa ine, amva fungo lake. Akavomera, Abu Jawdat adzatitenge ndi takisi yake, za nambala yachikasu zisakhalepo.

Akakana, usalimbane nawo. Ukhala nawo nyumba imodzi ndiwe.

Wako,
Munthir


Yerusalemu, 13 Julayi 1998

Wokondedwa Rihab,

Tinafika bwino. A Naim anagona njira yonse kuchokera ku Nablusi, pakamwa pali yasa, atakhuta nkhuku yako.

Yankho la bambo linali ili: "Amene sanamwe abwere. Amene anamwa adikire kumsewu." Ndinadikira. Maola asanu pa filingi siteshoni, pansi pa chikwangwani, ndikuona denga lathu ndi malaya a Lamis pa chingwe. Amuna anayi a fuko lathu anadutsa. Atatu anapeza chinthu chosangalatsa kumwamba. Wachinayi anandipatsa moni, ndipo zinandipweteka kuposa atatu aja.

Iwe unamva zokuwa zokha uli kukhitchini, ndiye ndikuuze zimene a Naim anandifotokozera asanagone.

Ndinawafunsa kuti, "Mwagwirizana chiyani?"

"Palibe. Bambo ako ndi bulu. Inenso ndine bulu. Ananditchulira midzi yonse ya Apalestina imene inafafanizidwa, umodzi umodzi. Ine ndinawatchulira nyumba yathu ya ku Baghdad. Anati sanaitenge ndi iwo. Ndinati nanenso Sabri sindinamuphe. Anati msonkho wanga unagula chipolopolo. Ndinati nanga basi ija anthu ena sanaivinire? Pamenepo mkazi wako analowa ndi mpunga, Mulungu amudalitse."

Atadya, akuti bambo anatulutsa chithunzi cha Sabri, a Naim n'kutulutsa cha Dalia m'chikwama, n'kuziika pa tebulo. Kenako bambo anati, "Ine sindinakane sulha. Koma sulha imayamba wolakwa akaima n'kunena kuti ndine. Zaka zisanu ndi zitatu ndikufunsa dzina limodzi. Azungu a mwana wangawo, ndi ndalama zawo zonse, alipo anafunsako dzinalo?"

A Naim anati wopha mwana wawo dzina lake akulidziwa, linali pa zikwangwani, ndipo silinawagonetse tulo. Bambo anati, "Inu munapatsidwa n'kuona kuti n'lopanda ntchito. Inenso andipatse, ndione ndekha."

A Naim akudziwa loya wina wamkazi ku Haifa amene amalondola mafailo otere. Akuti zingatenge zaka, ndipo mwina osaphula kanthu. Pamafunika munthu wolemba makalata m'Chiheberi osatopa. Bambo anati, "Ndinalipirira munthu sukulu. Alembe." Koma akuti choyamba ndikaime ku diwani Lachisanu, pamaso pa amuna onse, ndinene ndi pakamwa panga chimene ndinachita. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Lero ndafunsa a Marit ngati bungwe lingalipire loyayo. Anaimba foni kwawo ine ndili pomwepo. Yankho n'lakuti ndalama zawo ndi za kukambirana, osati za milandu. Anatulutsa za m'thumba mwawo, ndinakana, anaumirira, ndinawapatsa keyala ya loya kuti akakangane ndi iyeyo. Kenako ndinaika kalata ya chidindo pa tebulo lawo. Sindingamasulirenso mawu oti chiyanjano m'holo imeneyo. Anandigwira chanza ndi manja awiri, n'kuti sulha saichitanso. Ndikuwakhulupirira.

Tanthauzo lake ukulidziwa. Ndikadutsa rodibuloko ulendo uno, ndadutsiratu. Thanki ya padenga isiye, ndidzamata ndekha. Shukri akafuna wonyamula masilinda a gasi, umuuze kuti pali Ustazi wina akufuna ntchito.

Kalata inayo uwapatse bambo m'manja.

Mwamuna wako,
Munthir


Yerusalemu, 13 Julayi 1998

Yaba,

Mtendere ukhale pa inu. Ndikupsompsona dzanja lanu, ngati mungalole. Ndamva kuti miyendo yatupanso chifukwa cha ulendo wa Lachisanu lililonse, ndipo ndikudziwa amene wakuyendetsani.

Ndifika Lachisanu m'mawa. Kunyumba sindifika. Ndikaima panja pa diwani mpaka mutatuma munthu. Mawu amene ndidzanene ndi awa, muwaone kaye. Pofunika kuwonjeza muwonjeze, pochotsa sindikuona.

"Ine Munthir ndinamwa khofi pa dzina la Sabri, mng'ono wanga. Bambo sananditume ndipo sanadziwe. Panalibe wopempha chikhululuko, ndipo magazi sanalipiridwe ndi aliyense. Bambo sanalandire kanthu. Amene analandira ndine, ndipo anandilipira chifukwa chokhala pampando. Sindinganene kuti sindinkadziwa mwambo. Ndinkaudziwa. Mlandu wa Sabri ukadali m'manja mwa bambo ake, pamene unali."

Kalata yoyamba ya kwa loya ndailemba kale. Ndidzakuwerengerani mawu ndi mawu musanaikepo dzina lanu, ndipo simudzasaina chimene simunamve.

Ndikupempha chimodzi chokha, Yaba. Mudzakhale pamalo panu pakale, pafupi ndi zenera, kuti anthu adzayang'ane ine, osati mpando wopanda munthu. A kumbuyo akapanda kumva, ndidzabwereza.

Mwana wanu,
Munthir